Kugwirizanitsa phazi ndi injini yachilendo

Kuno ku Bangula galimoto siitayidwa msanga. Injini ikatopa, mwini wake amakwera basi kupita ku Limbe kapena ku Ndirande kukasaka ina, n'kubwera nayo kwa ife amakaniko. N'chifukwa chake mumaona Land Rover yakalekale ikuyenda ndi injini ya dizilo ya Toyota, ya 2L kapena 3L, itasenza thonje kapena nsomba za ku Elephant Marsh. Injini ikangolira bwino, eni ake amafuna kunyamuka tsiku lomwelo. Ine ndimawauza kuti, “Bwana, dikirani kaye, kilachi sitinaimalize.” Pa ntchito yonse yosintha injini, apa ndi pamene pamafunika mutu kuposa mphamvu.

Kilachi yoyendera mafuta ili ndi masilinda awiri. Mukaponda pedulo, master cylinder imakankha mafuta m'paipi. Mafutawo amakafika ku slave cylinder, pambali pa giyabokosi, ndipo iyo imakankha foloko ndi release bearing kuti pressure plate isiye kupana clutch plate. Ku fakitale zonsezi anaziyeza kuti zigwirizane. Koma mukasintha injini, pedulo ndi master zimakhala za galimoto ina, slave ndi pressure plate za ina. Ngati galimotoyo inali ya kilachi ya kebulo, ndiye kuti master yomwe muyenera kuipezera pokhala. Kuziyanjanitsa ndiyo ntchito yanga.

Ndimayamba ndi kukula kwa bowo la master, komwe nthawi zambiri kumalembedwa pathupi pake: 5/8 kapena 3/4 ya inchi. Ndi maso kusiyana kwake n'kochepa, koma ya 3/4 imakankha mafuta ochuluka ndi 44 peresenti pa kuponda komweko. Mukaika yaing'ono pa slave yaikulu, pedulo imafewa bwino, koma bearing siiyenda mokwanira. Livesi imakukuta mano, giya yoyamba imakana kulowa. Mukaika yaikulu kwambiri, pedulo imalimba mpaka bondo kuwawa, ndipo slave ikhoza kupyola malire n'kupinda zala za pressure plate. Choncho ndimalowa pansi ndi rula, mnyamata wanga akuponda, n'kuyeza mmene ndodo ya slave ikutulukira. Ikamapitirira, ndimamanga bawuti kuseri kwa pedulo kuti phazi liziimira pamenepo. Akatswiri a ku England amene amaika injini ya Rover V8 mu MGB, galimoto yaing'ono yothamanga imene inkapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, amawerengera masamu omwewa. Kusiyana kwathu n'kwakuti iwo amaitanitsa chitsulo choyenera, pamene ife timachisaka pa mulu wa zakale.

Chachiwiri ndi pokhala master. Ndodo yochokera ku pedulo iyenera kulowa molunjika. Ikalowa chopendeka imadya silinda mbali imodzi, ndipo posakhalitsa mafuta amayamba kudonthera pa nsapato za dalaivala. Lata la kutsogolo kwa mapazi likakhala lopyapyala kapena ladzimbiri, limagonja mukaponda, n'kumeza theka la mphamvu yanu. Pamenepo ndimadula chitsulo chochindikala n'kumangirira kuseri. Ndodoyo ndimaisiyiranso kampata ka pafupifupi milimita imodzi isanakhudze pisitoni. Kampata kameneka kakasowa, kabowo kobwezera mafuta m'kabotolo ka pamwamba pa master kamatsekeka, mafuta akatentha amafufuma, ndipo kilachi imayamba kuterereka yokha ngakhale ili yatsopano.

Kutentha kwa kuno m'chigwa sikuseweretsa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, ndipo injini yachilendo kawirikawiri imabweretsa ekizozi pafupi ndi paipi ya kilachi. Paipiyo ndimaizungulitsa kutali, pena n'kuitchinga ndi lata. Mafuta ake ndi brake fluid ya DOT 3 kapena DOT 4, ndipo khalidwe lake ndi kumwa chinyezi. DOT 4 yatsopano imawira pa madigiri 230, koma ikamwa madzi imatsika kufika cha pa 155. Ikawira, pedulo imagwa pansi yopanda kanthu. Taganizani zimenezi zikuchitikireni mutadutsa mlatho wa Kamuzu, muli pa zitunda za ku Thabwa ndi katundu wodzaza, pamene mukufuna kutsitsa giya. Madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anamiza magalimoto ambiri kuno, ndipo slave imakhala pansi, pofikira matope. Galimoto ikawoloka madzi akuya, ndimafungatula labala ya slave kuona ngati mwalowa matope, n'kusintha mafuta onse. Ndipo chonde, osathiramo oyilo ya injini ngakhale muli pa mavuto: imatupitsa malabala onse, ndiye kuti mugula masilinda awiri.

Chomaliza ndi kuchotsa mpweya, ntchito ya anthu awiri. Ine ndimagona pansi ndi sipanala, kapaipi koonekera m'kati kali pa nipo yotulutsira mpweya ya slave, mbali ina ili m'botolo. Ndimakuwa kuti, “Popa! Gwira!” Ndikamasula pang'ono, mafuta akuda amatuluka ndi thovu, ndikamanga, ndimati, “Siya!” Timabwereza mpaka mafuta atuluke oyera opanda kathovu n'kamodzi komwe, diso lili pa kabotolo ka pamwamba kuti kasaume. Nipoyo iyenera kukhala pamwamba pa slave, chifukwa mpweya umathawira m'mwamba. Slave ikamangidwa chozondoka, mungapope mpaka dzuwa kulowa osapindula kanthu.

Galimoto siituluka pa galaja panga ndisanaiyendetse mu msewu wa M1 kulowera ku Ngabu mpaka injini itenthe. Ndikaima, ndimalowetsa livesi: iyenera kulowa mwakachetechete, ndipo kilachi izigwira phazi lili cha pakati. Mwini wake ndimamulangiza kusintha mafutawo zaka ziwiri zilizonse. Anyamata amene ndimawaphunzitsa ndimawauza kuti asagwire sipanala asanagwire rula, pakuti m'galimoto zimenezi mumakwera odwala opita ku chipatala cha Nsanje ndi amayi opita ku msika, ndipo onsewo adalira muyeso umene makaniko anatenga ali pansi pa galimoto.