Cingwe ca pa Cipata ca Cipatala

Ife a kuno ku Lifuwu tiri anthu a madzi. Kum'mawa kwathu kuli nyanja, kumene ana athu akoka usipa ndi cambo. Kumbuyo kwathu kuli madambo a mpunga, ndi malo a Boma oyesera mbeu za mpungawo. Madzi atidyetsa, ndipo madzi omwewo atidwalitsa, pakuti udzudzu uswana m'minda, likodzo libisala m'nkhono za m'mbali mwa nyanja, ndi kolera adza pamodzi ndi mvula. Cifukwa cace njira ya ku cipatala tiidziwa monga tidziwa njira ya ku dooko. Koma makhalidwe ace a cipatalaco sitinawazindikira, kufikira usiku uja tinakangana ndi cingwe.

Munali m'mwezi wa Januwale, caka ca 2023. Nthenda ya kolera inali itayamba ku Machinga pa mwezi wacitatu wa 2022, atapita namondwe uja Ana, ndipo inafalikira kufikira inagwira maboma onse. Pa 5 Disembala 2022 Boma linalengeza kuti dziko liri pa ngozi ya mliri. Isanaleke, inadwalitsa anthu oposa 58,000, nipha oposa 1,700.

Usiku wina mdzukulu wathu wa zaka zisanu ndi cimodzi anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo cimbudzi cace cinali ngati madzi otsukira mpunga. Polira tambala woyamba maso anali atalowa, ndi khungu la pamimba, tikalitsina, silinabwerera msanga. Tinamuika pa njinga, amace alikutsata pambuyo ndi nyali. Titafika pa msasa wa odwala kolera tinapeza hema wozingidwa ndi cingwe, ndowa ya madzi onunkha mankhwala, ndi mlonda, mnyamata wa msinkhu wa ana athu. Iye anati, "Pepani agogo, alowe mwanayu ndi amace okha. Inu musambe m'manja, mupondenso m'madziwa, ndipo mudikire kunja kuno." Pamenepo mtima wathu unapsa, ndipo tinati, "Mwanawe, kodi imvi izi suziona? Kuyambira liti mlonda aposa mwini mbumba?" Iye anayankha mofatsa kuti, "Ndaziona, agogo, ndipo ndi cifukwa cace sindifuna kuti mawa mugone pa kama woyandikana ndi mdzukulu wanu."

Tiyenera kubvomera kuti masiku amenewo makutu athu anali odzala ndi mphekesera. Ena anali kunena kuti a cipatala ndiwo abaya anthu nthendayo ndi jakisoni, ndipo m'maboma ena khamu linaphwanya mazenera a zipatala ndi kuthamangitsa anamwino. Ifenso, titakhala pansi pa mtengo kunja kwa cingwe, tinali kuganiza zoipa. Koma mwana uja anamuika madzi a m'botolo pa mkono, nam'mwetsa thanzi pang'ono pang'ono, ndipo tsiku lacitatu anapempha phala. M'sabata lomwelo mnansi wathu wina anabisidwa m'nyumba cifukwa ca mantha, namwalira lisanalowe dzuwa laciwiri. Abale anasambitsa mtembo monga mwa mwambo, nakaphika nsima ya pa maliro ndi manja omwewo. Ndipo ena a iwo anatengedwa pa njinga kunka ku hema yemweyo anamuopa.

Kuyambira pamenepo takhala tikulingalira. Cipatala ciri ngati msika, koma malonda osonkhana pamenepo ndiwo matenda a midzi yonse. Wa cifuwa akhala pa benci limodzi ndi mai wa pakati, wa cironda ayandikana ndi khanda. Tsono nyumba yotere ikapanda kucingidwa, isanduka citsime ca nthenda m'malo mwa citsime ca moyo. Taona kuti zipata zolowera ngozi ziripo zitatu.

Cipata coyamba ndico manja. Caka ca 1847, m'cipatala cacikuru ca ku Vienna, munali dotolo dzina lace Ignaz Semmelweis. Iye anaona kuti amai ambiri anali kufa ndi malungo atangobereka, makamaka m'cipinda cimene madotolo anali kulowamo pocokera kong'amba mitembo. Analamula kuti onse asambe m'manja ndi madzi a kolorini. Ndipo imfa, zimene mwezi wina zinafika 18 pa amai 100 ali onse, zinatsika kufika ngati 2. Kodi anzace anam'yamika? Iai, ambiri anakwiya, pakuti sanafuna kumva kuti manja a munthu wolemekezeka angathe kunyamula imfa. Mkwiyo wao ndi wathu pa cingwe paja uli umodzi. Madzi a m'ndowa ya mlonda ndiwo ofooka, a m'manja. Alipo ena oposerapo, otsukira pansi ndi zobvala. Ndipo aukali koposa ndiwo othira pa zimbudzi ndi pa mitembo. Ici ndico cifukwa a zaumoyo aletsa kusambitsa maliro a kolera. Sacita mwano kwa wakufa, alikusunga amoyo.

Cipata caciwiri ndico singano ndi zinyalala. Singano ya jakisoni igwira nchito kamodzi kokha, ndipo iponyedwa m'kabokosi kace kolimba, kuti ikatenthedwe m'ng'anjo kuseri kwa cipatala. Magazi otsalira m'kati mwace, ngakhale osaoneka ndi maso, angathe kupatsira HIV kapena nthenda ya ciwindi. Namwino akalasidwa nayo mwangozi, ayenera kuyamba mankhwala oteteza asanapite maora 72, ndi kuwamwa masiku 28. Nanga ife, amene tiona ana athu alikutola mabomba a jakisoni pa dzala ndi kuthirana nao madzi, ndipo tingoseka? Nanga iwo amene apita kwa munthu wa cikwama wobaya jakisoni m'mudzi, osafunsa kumene singano yace yacokera? Safunsa anadya phula.

Cipata cacitatu ndico nkhokwe ya mankhwala, ndipo pano manyazi atigwira koposa. Kuba kwa mankhwala kunakula m'dziko muno kotero kuti caka ca 2016 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa gulu la anthu ace lofufuza mbala zotere. Tidandaula msanga tikauzidwa kuti LA, mankhwala a malungo amene Boma linayamba kupereka caka ca 2007, watha. Koma mbala sikuba cimene ciribe wogula. Ife tomwe tagulapo pa msika mibulu yokulungidwa m'pepala, yoima pa dzuwa tsiku lonse, osadziwa ngati nthawi yace inatha, kapena ngati inaturuka pa zenera la nkhokwe ya Boma. Ndipo masikito aja tilandira kwaulere kuti ana agonemo, angati a iwo alikukoka usipa pa gombe, kapena kucinga dimba la mpiru? Loko wa pa citseko, buku lolembamo mbulu uli wonse wolowa ndi woturuka, ndi mlonda wa usiku, zonsezi zisunga cuma ca mwana wodwala amene sanafike.

Tsono, abale, gawo lathu ndi lotani? Tisambe m'manja pa cipata osang'ung'udza, ngakhale tiri mafumu kapena akulu a mpingo. Tisadzaze cipinda ca odwala ndi mudzi wonse. Wodikirira mmodzi akwana. Madzi a m'nyanja tiwaphike kapena tiwathire kolorini tisanamwe, ndipo banja liri lonse likhale ndi cimbudzi cace, ndi asodzi a pa dooko omwe. Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, tim'mwetse thanzi pomwepo ndi panjira ponse. Thanzi akasowa, tisungunule masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere m'lita imodzi ya madzi abwino. Tikaona colakwa pa cipatala, tipite naco kwa a komiti ya cipatala kapena kwa amfumu, osati ndi miyala. Pakuti zenera limene tiswa lero ndilo lidzalowetsa mvula pa kama wa mlongo wathu mawa, ndi namwino amene tithamangitsa sabwera wina msanga m'malo mwace. Cakudza siciimba ng'oma, ndipo mpanda aumanga fisi asanalowe m'khola.

Titakolola mpunga caka cimeneco, tinatenga licero limodzi ndi mdzukulu wathu uja, tinapita kukapepesa kwa mlonda. Hema anali atacotsedwa, ndi cingwe comwe, koma ndowa inali pamalo pace. Mnyamatayo anaimirira, nalandira ndi manja awiri, nati, "Zikomo kwambiri, agogo. Koma musanalowe, yambani mwasamba m'manja." Ndipo tinasamba.