Zipsera za Chitaganya

Amayi anga ali ndi timaenje tambirimbiri kumaso, kuyambira pamphumi mpaka m'masaya. Ndili mwana ndinkayesa kuti anabadwa choncho. Tsiku lina tikutonola chimanga pakhonde kwathu kufupi ndi Migowi, ndinawafunsa za timaenjeto, ndipo iwo anangoti, "Ndi Chitaganya chimenechi, mwananga. Ukafunse agogo ako."

Agogo amene ankanenawo analipo awiri. Oyamba anali bambo awo owabereka, amene ana tinkawatchula kuti Agogo Adotolo chifukwa anagwirapo ntchito yotemera anthu. Achiwiri anali malume awo, eni mbumba, amene tinkawati Agogo Akwacha poti anali a chipani chiyambire unyamata wawo. Anthu awiriwa anali pachilamu ndipo ankapisa m'mbale imodzi, koma pa funso loti kodi Nyasaland anachita bwino kutuluka m'Chitaganya, ankakangana ngati kuti nkhaniyo yachitika dzulo.

Anzanga ena Chitaganya mumangochidziwira m'mabuku a mayeso, choncho ndikukumbutseni pang'ono. M'chaka cha 1953 Angerezi analumikiza Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia pansi pa boma limodzi lomwe likulu lake linali ku Salisbury, kumene makolo athu ankati ku Halale. Mafumu ndi a Nyasaland African Congress anakana, koma sanamvedwe. M'nyumba ya malamulo ya Chitaganya munali mipando 35, ndipo anthu akuda anapatsidwapo 6 yokha, iwiri dziko lililonse. Ntchito zina, monga za zipatala, zinachoka m'manja mwa boma la ku Zomba n'kupita m'manja mwa boma la ku Salisbury. Motero Agogo Adotolo, ngakhale ankapalasa njinga m'midzi ya kuseri kwa phiri la Michesi, malipiro awo ankachokera ku Chitaganya.

Mfundo ya Agogo Adotolo inali ya ndalama. Ankati Nyasaland anali dziko losauka, lopanda mgodi, lodalira tiyi, fodya ndi anyamata opita kukagwira ntchito kunja, pamene chuma cha kopa wa ku Northern Rhodesia chinkafikako kuno kudzera m'thumba limodzi la Chitaganya. Ankatchula chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene chinamangidwa m'zaka zomwezo. "Alamu," ankatero, "inenso azungu aja sindinkawakonda. Koma munthu sugwetsa nyumba dzinja lili pakati usanadule mitengo ya ina. Tikanamenyera mipando yambiri tili momwemo." Ankakumbutsanso kuti maganizo otere sanali awo okha: Manoah Chirwa ndi Clement Kumbikano, amene ankaimira Nyasaland m'nyumba ija, anakana kutula pansi mipando yawo, ndipo Congress inawachotsa m'chaka cha 1957.

Agogo Akwacha mfundo yawo inali ya nthaka. Makolo athu Alhomwe anathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ndipo atafika kuno ambiri anagwera m'thangata m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ena anatsikira kuchigwa cha Phalombe pofuna malo olima mwaufulu. Tsono anthu oterewa atamva kuti ku Southern Rhodesia lamulo la 1930 linapereka pafupifupi theka la nthaka yonse kwa azungu ochepa, ndi kuti azungu omwewo ndiwo adzakhale ndi mphamvu m'Chitaganya, analibenso chofunsa. "Mwati ndalama, alamu?" ankayankha. "Nanga damu anamanga kuti? Ku Kariba. Sukulu yaukachenjede anaika kuti? Ku Salisbury. Ife tinali akamwini m'mudzi mwathu momwe: kulima tilime, koma pamlandu tisalankhule." Apa Agogo Adotolo ankangoseka chamumtima, pakuti iwo ukamwini ankaudziwa bwino kuposa alamu awo.

Pa 3 March 1959 boma linalengeza lamulo ladzidzidzi. Dr. Banda anatengedwa kupita kundende ya ku Gwelo, anthu oposa 1,000 anamangidwa, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa. Kuchokera pamenepo chilichonse cha Chitaganya chinasanduka chonyansa m'maso mwa anthu, ndipo wogwira ntchito yake ankatchedwa kapirikoni, kutanthauza wogulitsa mtundu. M'chaka cha 1960 otemera nthomba akuyenda m'midzi, panafala mphekesera yoti katemerayo ndi msampha wa Welensky wofuna kuti anthu akuda asamabereke. M'madera ambiri anthu ankathawira kutchire akangoona otemera.

Agogo Adotolo anabwera ndi katemera mpaka pakhomo pawo penipeni, koma anapeza nyumba ili pululu. Alamu awo anali atatenga mbumba yonse, pamodzi ndi amayi anga ndi mlongo wawo wamng'ono, n'kukaibisa m'munsi mwa phiri. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Tambala sakhala ndi anapiye. Mkamwini sakanatha kulimbana ndi mwini mbumba, makamaka mkamwini amene mudzi wonse unkamuloza chala. Patapita miyezi nthomba inalowa m'mudzi. Amayi, omwe anali ndi zaka 7, anachira n'kutsala ndi timaenje tija. Mlongo wawo sanachire.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Malawi Congress Party inapambana chisankho cha August 1961. Mu December 1962 boma la Britain linavomera kuti Nyasaland atuluke, Chitaganya chinatha pa 31 December 1963, ndipo ufulu unabwera pa 6 July 1964. Dziko silinagwe monga ankaopera ena, komanso silinalemere monga ankalonjezera ena. Kwa zaka zingapo boma latsopano linkadalira thandizo la Britain kuti ndalama zoyendetsera dziko zikwane. Komabe Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba m'chaka cha 1965, ndipo magetsi a pa Nkula anayaka m'chaka cha 1966.

Ine ndaganizira nkhaniyi nthawi yaitali, ndipo pa funso lalikulu ndili kumbali ya Agogo Akwacha. Chigwirizano chimene sunafunsidwe polowamo, ndiponso chimene ulibemo mawu, n'choyenera kutulukamo ngakhale chitakhala ndi mafuta. Amene anatsala ku Southern Rhodesia anadikira mpaka 1980, atadutsa m'nkhondo yoopsa. Chimene ndimakana ndi choti aliyense wowerengera mtengo wa kutulukako anali kapirikoni. Agogo Adotolo analakwa pa ndale, koma pa katemera ankanena zoona, ndipo mudzi unataya zoona zawozo pamodzi ndi kulakwa kwawo chifukwa unali utaleka kusiyanitsa Welensky ndi munthu wa panjinga. Pamene anthu a ku Britain ankavota m'chaka cha 2016 zotuluka mu European Union, ndi pamene Mali, Burkina Faso ndi Niger ankatuluka mu ECOWAS m'chaka cha 2025, ndinkamva pawailesi mfundo zomwezi, za chuma ndi za kudzilamulira, ndipo ndinkadzifunsa kuti kodi kumeneko ana amene abisidwa m'munsi mwa phiri ndi ati.

Agogo Akwacha sanapepese, ndipo Agogo Adotolo sanatchulepo dzina la mwana uja pamkangano wawo ngakhale kamodzi. Koma amayi amandiuza kuti ine nditabadwa, tsiku la sikelo likakwana, malume awo ndiwo ankayamba kugogoda pakhomo tambala asanalire kachiwiri. Ankawaperekeza mpaka kuchipatala, n'kuima pakhomo kudikira kufikira atamva kuti mwana walira.