Anati mtima ukuthamanga, ife sitinamumve

Ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina yoyendera kumudzi kuno. Chaka chilichonse ndimajambula mtima pa bolodi, zipinda zake zinayi, ana n'kumakopera. Koma tsiku limene mtsikana wa Fomu 2 anakomoka pa bwalo la ntchemberembaye, ndinangomuthira madzi kumaso n'kumukalipira kuti asamabwere kusukulu asanadye.

Aka kanali kachitatu. Anzake ankati ndi khunyu, agogo ake ankati pali dzanja la munthu, ndipo aphunzitsi ena ankanong'onezana za mimba. Mwini wake ankangoti, "Aphunzitsi, mtima umathamanga ngati ufuna kutuluka." Sitinalabadire.

Kuchipatala chaching'ono anamuyeza malungo ndi magazi, osapeza kanthu, pakuti pofika kumeneko mtima unali utakhazikika kale. Vutoli limabwera mwadzidzidzi n'kuchoka lokha. Dokotala wa pamenepo anatipatsa ntchito: zikadzayambanso, ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa mphindi yathunthu, mulembe.

Patapita masabata awiri zinamuyamba m'kalasi, ali chikhalire pa desiki. Mtima wa wachinyamata amene akupuma umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi. Ine ndinawerenga kupitirira 180, dzanja langa likunjenjemera. Ndinalemba nambalayo, nthawi yake ndi zimene ankachita, papepala long'amba m'kope.

Kapepala kameneko ndi kamene kanamufikitsa kuchipatala chachikulu. Kumeneko anafunsa mayi ake ngati pamtundu pawo wina anamwalirapo mwadzidzidzi akadali wamng'ono, ndiponso ngati mwanayo ankadwaladwala zilonda zapakhosi ndi kuphwanya m'malo olumikizira mafupa, poti matenda apakhosi osachiritsidwa amatha kuwononga mtima. Kenaka anamumata timawaya pachifuwa, pa makina a ECG. Mtima uli ndi magetsi akeake amene amauuza nthawi yogunda, ndipo wake unali ndi kanjira kena kowonjezera kamene kamachititsa magetsiwo kumangozungulira. Zimenezi ndinkaziwerenga ku koleji, koma ndinkaziyesa matenda a nkhalamba za m'tauni.

Pano ali Fomu 4 ndipo amamwa mankhwala tsiku lililonse. Ulendo uliwonse wokaonana ndi madokotala, mayi ake amagulitsa ndowa ya chimanga kuti apeze thiransipoti. Sabata yatha anandifunsa ngati angabwerere ku timu. Ndinamuuza kuti akafunse adokotala. Ine ndinalakwitsapo kale kamodzi.