Moto wa Mapesi ndi Moto wa Chikuni

Aliyense wa inu amadziwa kusiyana kwa moto wa mapesi ndi moto wa chikuni. Moto wa mapesi umayaka msanga ndi malawi aatali, koma musanatembenuke n'komwe wazima, pangotsala phulusa. Chikuni chimachedwa kugwira moto, koma chikagwira chimanyeka pang'onopang'ono kufikira m'mawa. Amayi akafuna kuphika nyemba sadalira mapesi okha. Mapesi amangoyatsira, kenaka amasonkhezera zikuni.

M'thupi mwa munthu mulinso moto wake, ngakhale kuti ulibe utsi kapena malawi. Moto umenewu ndiwo umatipatsa mphamvu zoyendera, zothamangira, zolimira ndi zoganizira. Nkhuni zake ndi shuga amene amayenda m'magazi athu. Ine ndidaphunzitsa ana zaka zambiri ndisanayambe ntchito yokonza maphunziro, ndipo ndidaona ndi maso anga zimene zimachitika motowu ukayamba kuzirala m'thupi la mwana. N'chifukwa chake ndafuna kuti tikambirane nkhaniyi.

Kapena wina afunsa kuti, "Nanga ife amene kwathu sitimwa tiyi wa shuga masiku onse, shuga ameneyo timamutenga kuti?" Shuga wa m'magazi sachokera m'paketi ya kusitolo yokha ayi. Tikadya nsima, mpunga, mbatata, chinangwa kapena nthochi, mimba ndi matumbo zimagaya chakudyacho n'kuchisandutsa shuga. Shugayo amalowa m'magazi, ndipo magazi amamufikitsa ku ziwalo zonse. Wina wotsala amasungidwa m'chiwindi. Chiwindi chili ngati nkhokwe ya pakhomo: nthawi yokolola timathiramo, nthawi yosowa timatapamo. Usiku ife tili mtulo, chiwindi chimakhala chikutapa m'nkhokwe yake kuti moto wa m'thupi usazime.

Chodabwitsa n'chakuti m'magazi onse a munthu wamkulu mumakhala shuga wokwana pafupifupi supuni yaing'ono imodzi yokha. Motero shugayo ayenera kuwonjezeredwa nthawi ndi nthawi. Chiwalo chimene chimamufuna koposa ndi ubongo. Ubongo wa munthu wamkulu umatenga gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse za thupi, ndipo wa mwana umatenga zoposa pamenepo. Komatu ubongo ulibe nkhokwe yakeyake yodalirika, ndiponso nkhokwe ya m'chiwindi cha mwana njaing'ono, sichedwa kutha.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mwana wadya mgonero 7 koloko madzulo. M'mawa wadzuka, wasesa pabwalo, watunga madzi, n'kuyenda mtunda wautali kupita kusukulu osalawa kanthu. Akadzadya nkhomaliro 12 koloko masana, ndiye kuti papita maola 17 chidyere chakudya. Pa sukulu ina ya kumudzi kumene ndinkaphunzitsa, zimenezi zinkaoneka kwambiri m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitagona. Ikamakwana 10 koloko, mitu ya ana inkayamba kuweramira pansi. Masamu omwe ankakhoza mosavuta m'nyengo ya masika ankawakanika. Anthu ena ankati ndi ulesi, koma ana amenewo sadali aulesi. Idali njala.

Mwana wathanzi akasowa kadzutsa amafooka ndi kulephera kumvetsera, komabe chiwindi chake chimamuteteza kuti shuga asatsike kufika pa ngozi. Pali ana a magulu atatu amene kwa iwo kutsika kwa shuga kungathe kuwononga ubongo, ngakhale kuchotsa moyo kumene.

Gulu loyamba ndi la ana amene akudwala kwambiri, makamaka malungo aakulu, kusanza kapena kutsegula m'mimba. Mwana wodwala amakana chakudya, pamene tizirombo ta malungo natonso tikudya shuga wa m'magazi ake. N'chifukwa chake mwana wotere akafika kuchipatala ali lefu, anamwino amamubaya kachala kuti ayeze malungo ndi shuga yemwe.

Gulu lachiwiri ndi la ana onyentchera chifukwa chosowa zakudya zoyenera. M'nkhokwe ya chiwindi chawo mumakhala mopanda kanthu, kotero kuti kukhala maola ochepa okha osadya kumawaika pa ngozi.

Gulu lachitatu ndi la ana amene ali ndi matenda a shuga. M'mimba mwathu muli chiwalo chotchedwa kapamba, chimene chimapanga insulini. Ntchito ya insulini ndi kutsegulira shuga khomo kuti achoke m'magazi n'kulowa m'minofu. Kapamba wa ana ena amaleka kupanga insulini, ndipo shuga amangodzazana m'magazi. Kale ana otere sankakhalitsa ndi moyo. Koma m'chaka cha 1921, ku Toronto m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi Charles Best adapeza njira yotengera insulini m'kapamba. M'chaka cha 1922 mnyamata wina, dzina lake Leonard Thompson, adakhala munthu woyamba kuthandizidwa ndi jakisoni wa insulini. Lero ana a matendawa amabaya insulini tsiku ndi tsiku, ndipo amaphunzira ndi kusewera monga anzawo onse. Vuto limabwera mwanayo akabaya insulini koma n'kuchedwa kudya, kapena akathamanga kwambiri osawonjezera chakudya. Pamenepo shuga amatsika mofulumira zedi.

Tsono tingamudziwe bwanji mwana amene shuga wake watsika? Amamva njala yadzidzidzi, manja ndi miyendo zimanjenjemera, ndipo mtima umagunda mofulumira. Amatuluka thukuta ngakhale kunja kukuzizira. Amamva chizungulire, mutu umawawa, ndipo amaona zinthu mwachimbuuzi. Wina amakwiya kapena kulira popanda chifukwa. Zikapitirira amayankhula zosamveka, amadzandira ngati woledzera, ndipo potsiriza amakomoka.

M'kalasi langa lina mudali mtsikana wa matenda a shuga. Makolo ake adali atatidziwitsa za matendawo, ndipo m'chikwama chake simunkasowa shuga womanga m'kapepala. Tsiku lina m'mwezi wa Juni, ana atangobwera kothamanga, mtsikanayo adakhala phee pa malo ake, thukuta lili kamukamu. Nditamufunsa funso adayankha zosagwirizana n'komwe. Anyamata ena adaseka, ndipo wina adanong'ona kuti amulodza. Koma mnzake amene ankakhala naye pafupi adaimika mkono nati, "Aphunzitsi, shuga wake watsika." Pomwepo adatsegula chikwama chija n'kutulutsa kapepala ka shuga. Tidasungunula shugayo m'kapu ya madzi, mtsikanayo namwa. Patapita mphindi zochepa maso ake adayera, ndipo adapempha mbatata yake. Amene adamuthandiza msanga tsiku limenelo adali mwana wa msinkhu wanu womwewu, amene adangodziwa zizindikiro ndi chochita. Kwa anyamata oseka aja ndidangowakumbutsa mawu a akulu akuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Inunso mungathe kuthandiza chimodzimodzi. Choyamba, mukhazikeni pansi mnzanuyo pamthunzi, ndipo wina athamange kukaitana aphunzitsi kapena munthu wamkulu. Musamusiye yekha. Chachiwiri, ngati ali maso ndipo akutha kumeza, sungunulani masupuni aang'ono atatu a shuga m'theka la kapu ya madzi abwino, amwe. Shuga akasowa, maswiti kapena madzi otsekemera a zipatso amathandizanso. Chachitatu, dikirani mphindi 15. Akapanda kusintha, mupatseninso shuga wina, ndipo akulu akonze zopita naye kuchipatala. Chachinayi, akatsitsimuka adye chakudya chenicheni monga phala, mbatata kapena nsima. Shuga uja ndi mapesi chabe. Wayatsa moto, koma popanda chikuni motowo uziralanso.

Pali lamulo limodzi limene simuyenera kuliiwala. Munthu amene wakomoka musamuthire madzi kapena kumuika chakudya m'kamwa, pakuti zingalowe m'njira ya mpweya n'kumutsamwa. Mugonekeni cham'mbali, ndipo akulu athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Kumeneko adokotala ali ndi shuga wa madzi amene amamulowetsa m'mitsempha. Kuchedwa ndi kufunafuna amene wamulodza kungatayitse moyo wa mwana.

Komabe kupewa kumaposa kuchiza, ndipo kupewako kumayambira pa mbale ya m'mawa. Zakudya zimene zili ngati chikuni ndi zija zimene thupi limagaya pang'onopang'ono. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro limakhalitsa m'thupi kuposa tiyi wa shuga wambiri wopanda chodyera. Futali, maungu, chinangwa chophika, nyemba, mtedza, dzira ndi mkaka nazonso ndi zikuni zabwino. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kudya kuchokera m'magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Tikaphatikiza zokhutitsa ndi nsinjiro, nyemba kapena usipa, shuga amalowa m'magazi mwapang'onopang'ono, ndipo mphamvu zimatifikitsa masana.

Ndimadziwa kuti si pakhomo ponse pamene pamapezeka kadzutsa. Pamene zinthu zavuta, mkute wa dzulo wotenthetsa bwino ndi chakudya chokwanira kuyambira tsiku, ndipo palibe chochititsa manyazi pa kudya mkute. Kachimanga kokazinga, mtedza wodzaza dzanja kapena nthochi imodzi m'chikwama ndi kamba wabwino wa pa nthawi yopuma. Mukakhala nazo zambiri, gawirani mnzanu amene wabwera chimanjamanja.

Pofuna kuthandiza ana obwera ndi njala, sukulu zambiri m'dziko muno zimaphika phala. Bungwe la Mary's Meals, limene adayambitsa Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland, lidayamba ntchito imeneyi kuno ku Malawi m'chaka cha 2002 ndi ana pafupifupi 200. Phala lotere limapangidwa ndi ufa wa chimanga ndi soya wothira mavitamini ndi michere. Ambiri timalitcha Likuni Phala, potengera dzina la Likuni, pafupi ndi Lilongwe, kumene lidayambira. Ngati pa sukulu panu amaphika phala, fikani msanga ndi kapu yanu yotsuka bwino.

Palinso zakudya ndi mankhwala owonjezera zimene tiyenera kuzidziwa bwino ntchito yake. Chiponde cha kuchipatala chimapangidwa ndi mtedza, mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Chimenechi ndi mankhwala a mwana wonyentchera. Mng'ono wanu akalandira chiponde, musamudyere ngakhale chikome chotani, pakuti paketi iliyonse adaiwerengera iyeyo. Mapiritsi a mavitamini amathandiza thupi kukula ndi kulimbana ndi matenda, koma sakweza shuga amene watsika, ndipo salowa m'malo mwa chakudya. Mapiritsi owonjezera magazi nawonso ali ndi ntchito ina. Kuchepa kwa magazi ndi kuchepa kwa shuga m'magazi ndi mavuto awiri osiyana, ngakhale kuti onse amafooketsa ndi kuchititsa chizungulire. Gulukosi wa ufa amene ana amanyambita pa tsiku la mipikisano yothamanga ndi shuga basi. Amathandiza pa nthawi yochepa, monga mapesi. Musamwe mapiritsi alionse popanda kuuzidwa ndi a chipatala, pakuti safunsa adadya phula.

Mwana amene amanjenjemera, kutuluka thukuta kapena kukomoka kawirikawiri, ngakhale akudya bwino, ayenera kukayezedwa kuchipatala. Ali ndi kamakina kamene kamayeza shuga ndi kadontho kamodzi ka magazi. Mwana wa matenda a shuga asaleke kubaya insulini chifukwa choopa kutsika kwa shuga. Azidya pa nthawi yake, aziyenda ndi shuga m'chikwama, ndipo aphunzitsi ndi anzake apamtima azidziwa za matenda ake. Matenda a shuga sapatsirana, motero palibe chifukwa chomusala pa masewera kapena pa chakudya.

Ana inu, mukafika kunyumba lero, afotokozereni makolo anu zimene mwawerengazi, ndipo muwapemphe mwaulemu kuti azikusungirani kanthu kodya m'mawa, kangachepe bwanji. Mng'ono wanu akadwala malungo n'kumakana kudya, akumbutseni kuti azimupatsa phala ndi zakumwa pang'onopang'ono, ndi kuti apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo mawa m'kalasi muzimuyang'anako mnzanu wokhala naye pafupi. Akawerama mutu nthawi isanakwane, mufunseni ngati wadya.

Mafunso

1. Kodi shuga wa m'magazi amachokera kuti?
2. Chifukwa chiyani wolemba akuyerekeza chiwindi ndi nkhokwe?
3. Tchulani magulu atatu a ana amene kutsika kwa shuga kumawaika pa ngozi.
4. Tchulani zizindikiro zinayi za mwana amene shuga wake watsika.
5. Kodi simuyenera kuchita chiyani kwa munthu amene wakomoka? Perekani chifukwa chake.
6. Lembani zakudya zitatu zopezeka kwanu zimene zili ngati chikuni.
7. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Safunsa adadya phula."