Kabotolo ka mayi a kunyumba

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene ndinkakuvutitsani ndi Chemistry.

Mayi a kunyumba atatisiya, pawindo la kuchipinda panatsala kabotolo kawo ka perefyumu, zolemba zake zitafufutika. Lamlungu lililonse ndinkakatsegula, kununkhiza, n'kutsekanso. Chaka chatha kanauma. Ndinapita kusitolo ina ku Limbe kukafuna kena, koma mtsikana wogulitsa atandifunsa kuti, "Bambo, kankanunkhira bwanji?" ndinangoti kakasi. Zaka 22 tili limodzi, koma fungo lawo osatha kulitchula!

Ndiye ndinayamba kuwerenga ngati mwana wa Fomu 1. Katswiri wina, Michael Edwards, anagawa mafungo m'mabanja anayi akuluakulu. Loyamba ndi la maluwa, monga rozi ndi jasmine, Chanel No. 5 wa mu 1921 ali m'menemu. Lachiwiri ndi la fungo lopepuka: mandimu, malalanje, udzu wongomweta kumene. Lachitatu ndi la mitengo. Amene munagwirapo thabwa la mkungudza wa ku Mulanje mukulidziwa. Lachinayi ndi amber, limene kale ankati oriental: vanila, sinamoni, lubani ndi utomoni wina. Shalimar wa Guerlain, wa mu 1925, ndiye gogo wa banja limeneli.

Apa ndi pamene phunziro langa lomwe linandichititsa manyazi. Mumakumbukira ndikukuuzani kuti mamolekyu opepuka amauluka msanga? Fungo la mandimu limatha m'mphindi zochepa, la maluwa limakhala maola angapo, koma la mitengo ndi utomoni limakakamira pansalu mpaka mawa lake. Ine kusitolo kuja ndinkanunkhiza kukamwa kwa mabotolo, pamene chimene mtima wanga unasunga ndi fungo lotsalira pachitenje chawo madzulo, akabwera kutchalitchi.

Ndinabwereranso. Mtsikana uja anandipopera mitundu inayi patimapepala, ndinatiika m'mabuku osiyana, n'kudikira dzuwa lilowe. Kachinayi kanandikhazika pansi: vanila ndi lubani.

Si perefyumu yemwe uja, sindikunamizeni, koma ndi wa banja lomwelo. Ndinagula. Mwana wanga wamkazi atabwera pa Khirisimasi anaima pakhomo la kuchipinda n'kuti, "Adadi, muno mukumveka amayi."

Inu mukafuna kugula wanu, musathamange. Poperani pang'ono padzanja, pitani mukagwire ntchito zanu, mukanunkhizenso madzulo.

Zabwino zonse pa teremu ino.