Nakoli wa Makomo Oyang'anana

Ku Nakoli, komboni yathu ya ku Kabwe, m'masiku athu nyumba zinali zothinana, makomo oyang'anana, mipanda ya njerwa kulibe. Pabwalo limodzi pankakhala wa ntchito ya njanji ku Zambia Railways, mayi wamasiye wogulitsa tomato, telala, ndi ife a kum'mawa amene Chibemba tinkachitolera kwa ana athu omwe.

Nyumba inali pogona, inalinso pantchito. Kumaso kantemba ka sopo, mchere ndi makandulo, kuseri chipinda cha lendi, pambali mbaula, vitumbuwa zikuthetheka m'mafuta kusanache kuti ana a sukulu agule. Telala ankakhazika makina ake pakhonde, nkhani zili mkati phazi likupalasa. Mayi woyamwitsa ankapima makala m'kachitini mwana ali kumsana, osalipira basi kapena malo a pamsika. Kumayadi, ngati ku Highridge, wosauka ankalowako kukachapa ndi kusesa, dzuwa likapendeka n'kutuluka. Kwathu wa malipiro ndi wa ganyu ankatunga pachitsime chimodzi.

Ubwino wa kukhala moyandikana tinauona mu 1994, mgodi wa mtovu ndi zinki utatsekedwa. Ndalama zinauma tauni yonse. Ufa tinkagula wa timapepala tija ankati pamela, ndipo mwini kantemba ankalemba ngongole m'kabuku, poti ankadziwa khomo la aliyense. “Tengani amake mwana, mudzapereka mukapeza,” ankatero. Amayi anagwirana m'chilimba, kusonkherana ndalama mosinthana. Pa maliro mbale inkayenda khomo ndi khomo, ndipo sindinaonepo mnansi akuikidwa wopanda bokosi.

Zowawa zinalipo. Zimbudzi zokumba zinkayandikana ndi zitsime, dzinja likafika matope mpaka pakhomo, ana n'kumatsegula m'mimba. Boma litayamba kugulitsa nyumba za khonsolo kwa okhalamo mu 1996, anapindula ndi amene anali nazo kale m'manja, monga a ku Bwacha. Wa lendi m'komboni sanagwire kanthu.

Koma mavuto amenewa sanabwere chifukwa choyandikana, anabwera chifukwa chosowa mipope ndi ngalande. Lamulo la 1974 linatsegula kale njira yokonzera makomboni pomwe ali, osagwetsa, okhalamo n'kupatsidwa mapepala a malo a zaka 30. Inu okonza mapulani a tauni, bweretsani madzi, ngalande ndi mapepalawo ku Nakoli, koma kantemba ka mayi wamasiye mukasiye pakhomo pake.