Chikwangwani chimayesedwa mumdima

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani kuno ku Dedza, ndipo chimene ndimauza eni masukulu ogonera komweko, maholo ndi nyumba zogona alendo n'chakuti chikwangwani cholozera khomo lothawira pangozi chiyenera kuwala chokha. Moto ukagwira mawaya, chikwangwani chodalira magetsi chimafa pa nthawi imene chikufunika kwambiri. Ngakhale popanda moto, tonse tikukumbukira mdima umene tinakhalamo namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Komanso kuno kumapiri, Juni ndi Julayi akafika, anthu amatseka mazenera onse, ena n'kulowetsa mbaula m'chipinda, moti utsi ukayamba umasowa potulukira.

Chimene chimawalitsa zikwangwanizi ndi ufa wa strontium aluminate, umene kampani ya Nemoto ya ku Japan inatulukira mu 1993. Ufawu umasunga kuwala kwa dzuwa kapena kwa babu, n'kumakutulutsa pang'onopang'ono mobiriwira kukada. Ndimayamba ndapaka bolodi penti yoyera, chifukwa pamalo pakuda pamameza kuwala. Kenako ufawo ndimausakaniza ndi vanishi wopanda mtundu, n'kumavundula kosalekeza, poti ndi wolemera ndipo umathamangira pansi pa chitini. Ndimapaka kangapo, n'kukhoma pamene kuwala kumafika masana, pakuti pakona ya mdima wokhawokha chikwangwani sichingatole kanthu. Mivi ndimaiika m'munsi mwa khoma, chifukwa utsi umayamba kudzaza kudenga ndipo wothawa amakwawa.

Ena amati ufawu ndi wodula. N'zoona, koma mukagula mwagula: sufuna batire kapena mayunitsi, ungofuna kupukuta fumbi. Ena amati aliyense ali ndi tochi pafoni, koma mwana wodzidzimuka pakati pa usiku, akutsokomola, sayamba wafufuza foni. Enanso amati nyumba zathu si zosanja ndipo khomo aliyense amalidziwa. Mlendo salidziwa, ndipo mantha amasokoneza ngakhale mwini nyumba. Mfundo imene ndimaivomereza ndi yakuti chikwangwani sichitsegula loko. Mu 2001 anyamata 67 anafa pamoto m'chipinda chogona pa sukulu ya Kyanguli ku Kenya, kumene khomo lina linali lokhoma ndipo m'mazenera munali zitsulo. N'chifukwa chake sindikhoma muvi wolozera chitseko chimene sichitseguka kuchokera mkati. Mwini nyumba ayambe wakonza chitsekocho, kenako andiitane.